Akakuwa Usiku, Ndani Amapita Kukaona?

Kuno ku Limbe komwe ndimakhala kuli nyumba ina yomwe alamu yake imalira pafupifupi sabata iliyonse. Usiku woyamba tonse tinadzambatuka, abambo ndi zikwanje, anyamata ndi mipini, mayi wina ndi munsi. Tinakapeza mphaka. Ulendo wachiwiri akuti anali nalimata amene anayenda pa kadiso kaja ka pakhoma, ndipo wachitatu magetsi anazima batire ili yofooka. Masiku ano ikalira timangotembenuka n'kukoka bulangete. Tsiku lomwe kudzabwere mbava zenizeni, mwini nyumbayo adzaona yekha chochita.

Makampani a zachitetezo vutoli amalidziwa bwino. N'chifukwa chake alamu ikalira ambiri amayamba aimbira foni mwini nyumba n'kumufunsa mawu achinsinsi omwe anagwirizana, kenaka n'kutumiza alonda kukazungulira mpanda ndi tochi. Pakati pa mkuwo ndi chikwanje pamafunika munthu wopita kukaona. Nkhaniyi sinayambe ndi mawaya, awerengi. Boma la Chiradzulu linakumana nayo kalekale alamu ya magetsi isanafike m'dziko muno, ndipo linalawa mbali zake zonse ziwiri.

Tiyambe ndi chaka cha 1914. Chinali chaka cha mphekesera zokhazokha. Nkhondo yayikulu inali itabuka ku Ulaya, ndipo mu Seputembala asilikali a Germany anamenyana ndi a Britain ku Karonga. Otsatira a Elliot Kamwana a mpingo wa Watch Tower anali atalalikira kwa zaka zingapo kuti mu Okutobala chaka chomwecho maufumu a dziko lapansi adzatha. Okutobala anabwera n'kupita, dzuwa likutulukabe kum'mawa. Mabwana a boma la atsamunda anali atamva zoopsezedwa zambiri moti makutu awo anachita dzanzi, monga momwe athu achitira ndi nyumba ija ya ku Limbe.

M'kati mwa phokoso lonselo munali chenjezo limodzi loona. Mu Ogasiti 1914 munthu wina anauza Philip Mitchell, bwana wachinyamata wa boma, kuti ku Mbombwe, ku mishoni ya Providence Industrial Mission yomwe Mbusa John Chilembwe anayambitsa mu 1900, kukukonzedwa zinthu. Ansembe a Chikatolika a m'dera lomwelo anachenjezedwanso. Palibe chogwirika chomwe chinachitika. Mu Novembala Chilembwe mwini wake analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo, koma boma linathamangira kutsekereza kalatayo m'malo momva zomwe inkanena. Galu wamkota sakandira pachabe, koma iwo anangomuponyera mwala. Pomwe Bwanamkubwa George Smith ankamanga mfundo yoti amuthamangitse m'dziko muno, mu Januwale 1915, madzi anali atafika kale m'khosi. Mitchell uja, tinene m'pang'ono, zimenezi sizinamutchingire njira: anadzakhala Bwanamkubwa wa Uganda, kenaka wa Kenya.

Loweruka usiku pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe analowa m'nyumba ya William Jervis Livingstone ku Magomero, kapitawo wamkulu wa minda ya A. L. Bruce yemwe anthu a thangata ankamutcha Listonia, n'kumudula mutu. Ku Magomero komweko anaphanso Duncan MacCormick, ndipo ku Mwanje anapha Robert Ferguson. Anadulanso mawaya a telefoni, zomwe zikuonetsa kuti ankadziwa kuti mdani wawo woyamba ndi uthenga wothamanga. Gulu lina linayenda usiku mpaka ku Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo mfuti ya African Lakes ku Mandala. Tauni yonse inali m'tulo. Chomwe chinadzutsa azungu m'bandakucha wa pa 24 Januwale ndi kuphedwa kwa mlonda wachikuda amene anawomberedwa pamalopo, ndipo oukirawo anathawa ndi mfuti zowerengeka chabe. Pa 26 Januwale mishoni ya Nguludi inatenthedwa, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anaphedwa cha ku Mulanje.

Musandimve molakwa. Sindikulira kuti atsamunda analephera kumugwira msanga munthu amene lero nkhope yake ili pa ndalama yathu. Thangata linali nkhanza, ndipo chenjezo lenileni lomwe ananyozera linali kulira kwa anthu a m'minda ya Bruce omwe matchalitchi awo ankatenthedwa. Koma mlonda wa ku Mandala uja ndimamuganizira. Iye ndiye anali alamu ya kampani usiku umenewo, ndipo pa 15 Januwale palibe amene amamuimbira nyimbo.

Mbali inayo ya nkhaniyi ambiri a ife tinaiona ndi maso. Mu 2000 amayi angapo anaphedwa m'boma la Chiradzulu, matupi awo n'kupezeka atadulidwa ziwalo. Izi sizinali mphekesera, maliro anaikidwa ndipo nkhani inafika ku khothi. Ndiye mu Disembala 2002, chaka cha njala, pomwe mbiri inamveka ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre yoti kwabwera anamapopa, komanso kuti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga cha thandizo, inagwera pa nthaka yonyowa kale. Anthu anasiya minda. Ansembe atatu a Chikatolika anamenyedwa ku Thyolo, ndipo mu Januwale 2003 a Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF mu mzinda wa Blantyre, anagendedwa mpaka kugonekedwa m'chipatala. Pulezidenti Bakili Muluzi analoza chala otsutsa boma. Akuluakulu a ku Blantyre anakumbukira za ku Chilobwe, pakati pa 1968 ndi 1970, pomwe anthu ankaphedwadi usiku m'nyumba zawo uku mbiri ikuti magazi awo akupita ku South Africa.

Mu Seputembala 2017 zinayambiranso ku Mulanje, n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, ulendo uno zitakwera WhatsApp. Munthu amadzuka pakati pa usiku thupi litalefuka, mtima ukugunda, n'kukuwa. Woyandikana naye amaimba wezulo, wachitatu amamenya chidebe, ndipo pakutha pa mphindi zochepa mudzi wonse uli pa msewu ndi miyala. Ndani mwa anthu onsewo amalowa m'nyumba muja ndi nyali kukaona ngati pali bala, kapena phazi la mlendo pakhomo? Amene akanayerekeza kufunsa funso limeneli akanatchedwa mnzawo wa anamapopa. Anthu osachepera 9 anaphedwa, ndipo mmodzi mwa iwo, ku Blantyre, anali wodwala khunyu. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, Pulezidenti Peter Mutharika anayendera maderawo, apolisi anamanga anthu oposa 100. Madokotala ananena poyera kuti sanapeze umboni woti pali munthu amene anapopedwa magazi.

Chomwe chimandizunguza mutu n'chakuti bwana wa 1914 amene sanasunthe ndi khamu la 2017 lomwe linathamanga analakwa pamalo amodzi. Onse anaweruza mkuwo asanapite kukaona, wina poti wamva zambiri, enawo poti anaikapo kale maliro. Ndipo mtengo wake unagwera anthu omwewo: mlonda, mlendo wodutsa, wodwala, wazaumoyo amene anaopa kulowa m'mudzi ndi chikwama chake cha jakisoni.

Sabata yatha alamu ija inaliranso cha m'ma 2 koloko usiku. Ndinasuzumira pa zenera n'kuwerenga nyumba zomwe zinayatsa nyali: panalibe ngakhale imodzi. Amene ndinamuona ndi mlonda wa pa golosale ya pakona, nkhalamba yovala chikhothi chofika m'maondo, akuwoloka msewu yekha, tochi kudzanja lamanzere, chibonga kudzanja lamanja.