Damu la South Fork: Mbiri ya Khoma Lomwe Linasiyidwa Osasamalidwa

Damu la South Fork linali m'mapiri a chigawo cha Pennsylvania ku America. Boma la chigawocho linalimanga pakati pa 1838 ndi 1853 kuti lizisunga madzi a ngalande yoyendamo mabwato a katundu. Khoma lake linali la dothi ndi miyala, lotalika mamita 22, ndipo pansi pake panali mapaipi achitsulo otulutsira madzi akachuluka.

Njanji itafika, ngalande ija inatha ntchito, damu n'kusowa woliyang'anira. Mu 1862 linabooka, ndipo pambuyo pake mapaipi aja anazulidwa.

Mu 1879 panakhazikitsidwa kalabu ya anthu achuma a ku Pittsburgh yotchedwa South Fork Fishing and Hunting Club, yomwe inatenga malowo kuti mamembala ake azidzaweza nsomba ndi kupumulirako. Ena mwa mamembalawo anali Andrew Carnegie ndi Henry Clay Frick. Apa ndi pamene zinthu zinalakwika kwambiri. Pobooka paja anangotsekapo ndi matope, miyala, udzu ndi nthambi za mitengo. Mapaipi sanawabwezeretse, choncho panalibe njira yophungulira madzi. Msinkhu wa khoma anautsitsa kuti msewu wa ngolo pamwamba pake ukule. Pakhwawa lotayira madzi osefukira anaikapo masefa achitsulo, n'cholinga choti nsomba zawo zisamathawe. Mu 1880 injiniya John Fulton anayendera damulo n'kuchenjeza kuti silinakonzedwe bwino, koma eni kalabu sanalabadire, chikhalirecho kumunsi kunkakhala anthu miyandamiyanda.

Pa 31 Meyi 1889, mvula yamphamvu itagwa usiku wonse, zinyalala zinatseka masefa aja ndipo madzi anayamba kudutsa pamwamba pa khoma. Linagumuka cha m'ma 3 koloko masana. Patatha pafupifupi ola limodzi, chigumula chinafika mumzinda wa Johnstown, mtunda wa makilomita 23, chitakokolola mitengo, nyumba ndi mabogi a sitima. Zambiri mwa izi zinaunjikana pamlatho wamiyala wa njanji n'kuyaka moto. Anthu 2,209 anamwalira.

Clara Barton ndi bungwe la American Red Cross anakhala mumzindawo miyezi isanu akuthandiza opulumuka. Oferedwa anakasuma kukhoti, koma palibe mlandu ngakhale umodzi womwe unakakamiza kalabuyo kulipira chipukuta misozi. Damulo silinamangidwenso, ndipo kuyambira 1964 malowo ndi a chikumbutso m'manja mwa boma la America.