Kuchokera pa Chitupa Kufika pa Facebook

Kufufuza mbiri ya munthu asanalembedwe ntchito sikunayambe ndi intaneti. Ku France, lamulo la mu 1803 linkakakamiza wantchito kuyenda ndi kabuku komwe bwana wake ankasainamo pomutulutsa. Wopanda siginechayo sankalembedwa kwina, ndipo kabukuka kanathetsedwa mu 1890. Ku Kenya, cha m'ma 1920, atsamunda anayamba kuveka amuna kipande, kabokosi kachitsulo kolendewera m'khosi, momwe munkakhala pepala la zidindo za zala ndi mndandanda wa amene munthuyo anawagwirirapo ntchito. Makolo athu amene ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury ankayendanso ndi chitupa. Konseku cholembera chinali m'manja mwa bwana.

Ena amati masiku ano zinthu zili bwino chifukwa pa Facebook kapena LinkedIn munthu amadzilembera yekha mbiri yake. Mfundoyi ili ndi mutu: telala wa ku Ndirande angathe kuonetsa madiresi amene wasoka popanda kupempha kalata kwa wina aliyense. Komatu vuto lalikulu silinagone pa wolemba mbiriyo ayi, linagona pa woiwerenga mseri. Mu 2009, akuluakulu oteteza zinsinsi za anthu ku Britain anapeza kuti bungwe la Consulting Association linkasunga mobisa mayina a anthu oposa 3,000 ogwira ntchito zomangamanga, ambiri chifukwa cholowa m'mabungwe a ogwira ntchito kapena kudandaula za ngozi zapantchito. Makampani oposa 40 ankafunsa kumeneko asanalembe munthu, mwiniwake n'kumangokanidwa zaka ndi zaka osadziwa chifukwa chake. Bwana amene amayang'ana tsamba la wofunsira ntchito usiku, n'kuona chithunzi chakale cha kumowa kapena ndemanga ya ndale, kenako n'kukankhira kalata yake pambali, akuchita zomwezo, kungoti safunikiranso bungwe lomusungira mayina.

Enanso amati wolemba ntchito ali ndi ufulu wodziwa munthu amene akumupatsa makiyi a sitolo. Zimenezo n'zoona, koma kalata ya umboni imanena za kagwiridwe ka ntchito, pamene tsamba limaulula chipembedzo, chipani, matenda ngakhale pakati, zinthu zimene bwana sangayerekeze kufunsa pa intavyu. Mu 2012, boma la Maryland ku America linakhala loyamba m'dzikolo kuletsa olemba ntchito kuitanitsa pasiwedi ya masamba a wofunsira ntchito. Lamulolo linateteza zimene munthu watsekera, koma wokanidwa chifukwa cha zomwe zili poyera sauzidwabe kanthu, ndipo alibe poyankhira.