Timiphika ta mphingo ta ku Bangula

Ine ndinali mnyamata wokoka chingwe. Malume anga ankakhala pansi pa msawu kuseri kwa nyumba, miyendo itatambasulidwa, tcheselo ili m'manja. Makina awo anali zikhomo ziwiri zokhomedwa pansi, chilichonse ndi msomali wosongoka, ndipo kachidutswa ka mphingo kankapanidwa pakati pa misomaliyo. Ndinkakulunga chingwe kawiri pa mtengowo n'kumakoka, dzanja ili kenako ili. Tcheselo inkadya mtengo ukamazungulira cha kwa iwo, pobwerera ankaibweza pang'ono. Ndikakoka mwaulesi inkalumpha n'kusiya chipsera, ndipo ankangondiyang'ana osanena kanthu. Fumbi lakuda linkamatirira pathukuta, poti ku Bangula mu Okutobala ngakhale mthunzi umawotcha.

Makolo athu a Chimang'anja ndi Chisena ankasema ndi nsompho: mitondo, zipande, mabwato a pa Shire. Fodya wamphuno ankamusunga m'tizikho. Timiphika tozunguza iti tinakula ndi malonda a ziboliboli, pamene alendo ndi anthu a m'tauni ankafuna moika shuga, mchere ndi ndolo. Koma kakokedwe kachingweka n'kakale zedi. Ku Egypt, m'manda a wansembe Petosiris a cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, muli chithunzi cha amuna awiri, wina akukoka lamba, wina wagwira chosemera. Nditachiona m'buku ndili wamkulu, ndinadzizindikira pomwepo.

Luso lonse linali pachivundikiro. Malume ankadula mphika ndi chivundikiro pa chidutswa chimodzi kuti mizere ya mtengo ikumane, ndi kamzere koyera ka kunja kwa mphingo kapitirire osaduka. Poboola m'kati pankatsala kamchombo pomwe panagwira msomali, kameneko ankakachotsa ndi mpeni pomaliza. Kenaka kuyesa: kupala pang'ono, kuvundikira, kupalanso. Chikakhala bwino chinkalowa mwakachetechete, ndipo ukatembenuza mphika sichinkagwa. Mtengo wauwisi sankaukhudza n'komwe. Unkayamba wagona m'nkhokwe chaka chathunthu, apo ayi chivundikiro chinkauma mwachokha n'kuyamba kugwedera m'nyumba ya wogula. Kwa iwo chimenecho chinali chamanyazi kuposa ngongole.

Msika unali sitima. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935 inalumikizana ndi Beira. Malume ankakulunga timiphika m'nyuzipepala zakale, kutilongeza m'dengu, n'kukwera pa Bangula kukapikulitsa kwa ogulitsa ziboliboli ku Blantyre. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, yopita ku Limbe inatsalabe. Madzi a 1997 ndi amene anatimaliza: anakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, sitima n'kumathera tsidya lija ku Makhanga. Dengu lija linayamba kusungira mapira.

Nawonso mphingo unali ukuthawa. Mtengo uwu umatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti ukhwime, ndipo kunja amaulimbirana popangira zitoliro za clarinet ndi oboe. Kuyambira mu 2017 malonda ake a pakati pa mayiko ali pansi pa pangano la CITES. Kwathu kuno nkhwangwa ya makala sisankha, imagwetsa tsanya ndi mphingo womwe, mpaka m'mphepete mwa Mwabvi ndi Lengwe. Zimandiwawa, chifukwa nthambi imodzi yokula ngati mkono inkatipatsa timiphika tinayi, pamene mu uvuni wa makala siphikitsa ngakhale nyemba.

Kamphika kamodzi ka malume ndikadali nako. Kanapulumuka madzi a mu Januwale 2015 kali m'thumba la malaya a mayi anga, ndipo singano zawo zomwe zinali m'kamphikamo zinatuluka zouma. Inu a ku Bangula, Tengani ndi Sorgin amene muli ndi mphingo m'munda mwanu, chonde usiyeni ukule.