Kuoda: mawu a bwana amene anathera pamsika

Pa tsiku la msika ku Migowi kapena ku Chiringa, simuchedwa kumva mayi wina akukana kutsitsa mtengo: "Achimwene, pamenepo ayi, ndaoda modula." Palibe amene amatembenuka. Komatu kuodaku ndi mlendo, ndipo pofika kuno anabwera atavala yunifolomu.

Ndi mneni wa Chingerezi, order, amene gwero lake ndi ordo, mawu a Chilatini otanthauza mzere. Kwa eni ake, order ndi kulamula: mkulu wa asilikali akalankhula, wamng'ono sabweza mawu. Tanthauzo limeneli ndi limene linatsogola kufika kuno, limodzi ndi atsamunda ndi asilikali awo. Mu 1893 atsamunda anamanga Fort Lister pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, kuti atseke njira imene ogulitsa akapolo ankadzera popita kunyanja yamchere. Ngakhale dzina loti Nyasaland linakhazikitsidwa mu 1907 ndi chikalata cha ku London chotchedwa Order in Council.

Koma order wolamulayu sanapatsidwe mkeka m'mudzi. Akanakhala pati, kulamula tili nako kale? Mfumu inkalamula, mwinimbumba ankalamula, apongozinso nawo, mwa njira yawoyawo. Anangotsalira m'khoti ndi ku Nyumba ya Malamulo, kumene Sipikala amamufuula aphungu akayamba phokoso.

Amene anamanga nyumba ndi order wina, wa m'sitolo, woitanitsa katundu. Ameneyunso tinamuumba mwathumwathu. Mngelezi akamachita order amakhala pampando, katundu n'kumupeza. Wooda wa ku Phalombe sadikira munthu. Amadzuka tambala woyamba, n'kupalasa njinga mpaka ku Swang'oma m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kukalimbana ndi asodzi pa mtengo wa matemba, makumba ndi milamba. Wina amakwera minibasi wa ku Limbe kukatenga belo la kaunjika. Kuoda ndi kugula zambiri kuti ukagulitse pang'onopang'ono; wogula ndiwo za madzulo ano sanaode, wangogula. Koma telala anasunga tanthauzo la kwa eni ake, akamati walandira oda ya mayunifolomu a kwaya.

Ine ndimaganiza kuti chimene chinafalitsa kwambiri mawuwa ndi lamulo lenileni. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linalamula Amwenye kuti atseke masitolo awo akumidzi, akachitire malonda m'mizinda. Magolosale anatsala m'manja mwa Amalawi, ndipo katundu ankayenera kukamutenga okha. Ndi nthawi imeneyo pamene masitolo a Chipiku anafalikira, dzina lochokera ku mawu athu akuti kupikula. Mpaka lero kupikula ndi kuoda akudyera mbale imodzi, ndipo wa geni amatchula amene wayamba kufika pakamwa.

Phalombe itakhala boma palokha mu 1998, kuchoka ku Mulanje, misika inakula, mavenda a sikelo n'kuchuluka m'misewu, kuoda nandolo ndi mpendadzuwa kwa alimi. Ndiye mu 2017 boma la India, dziko limene limagula nandolo wathu wambiri, linalamula kuti nandolo wolowa kumeneko achepe. Chikalatacho chinalembedwa ku New Delhi, koma mtengo unagwera pasikelo ya ku Chiringa. Chaka chimenecho ooda ambiri anasunga matumba m'nyumba, anankafumbwe n'kumadya.