Kukopera Mabowo a Mpira wa Bowling: Pempho Lakale, Ntchito Yatsopano

M'nyumba zambiri zosewerera bowling ku America, masewera aja ogubuduza mpira wolemera kuti ukagwetse timitengo khumi, mumakhala kachipinda ka mmisiri woboola mipira. Mpira wabwino umachoka kufakitale uli wosalala, wopanda bowo ngakhale limodzi, ndipo mabowo a zala amaboola ndi mmisiriyo atayeza dzanja la mwiniwake. Pempho limene amalimva kawirikawiri ndi la munthu wobwera ndi mipira iwiri, wakale umene anauzolowera ndi watsopano wa m'katoni, n'kunena kuti watsopanowo ubooledwe chimodzimodzi. Mawu a pempholi sanasinthe kwa zaka zambiri, koma chimene mmisiri ayenera kukopera chinasinthiratu. Ine ndikuona kuti wokopera ndi maso lero, potsata pamene pali mabowo ndi zizindikiro, akugwira ntchito ya mipira imene inasiya kalekale kulamulira masewerawa.

Pamene bungwe la American Bowling Congress linkakhazikitsidwa ku New York mu 1895, mipira inali yosema kumtengo wolimba kwambiri wotchedwa lignum vitae. Wa mphira woyamba, Evertrue, unatuluka mu 1905, ndipo kampani ya Brunswick inabweretsa Mineralite mu 1914. Nthawi yonseyo, mpaka kudzafika pa mipira ya pulasitiki, kuboola kunali nkhani ya dzanja basi: kukula kwa bowo lililonse, mtunda wochoka pachala chachikulu kufika pa zala ziwiri zapakati, ndi kupendekeka kwa bowo polowa mkati. Zimenezi zimakopedwa ndithu, ngati mmene telala amatengera muyezo pamalaya akale. Mkati mwa mipira yambiri munkangokhala kanthu kolemera kophwatalala pansi pa dzina la kampani, kobwezera kulemera kotayika poboola. Akathyali oyambirira ankamata matheka awiri a mipira yosiyana kulemera kuti mpira uzikhota wokha, mpira wotchedwa dodo, ndipo bungwe lija litauletsa, dzinalo linatsalira pa sikelo yoyezera kupendekeka kwa kulemera. Kwa zaka zambiri lamulo linkalola kusiyana kwa aunsi imodzi yokha pakati pa kumanja ndi kumanzere, ndi maaunsi atatu pakati pa pamwamba ndi pansi. M'mpata wochepa chonchi, kukopera kunali kusuntha mabowo pang'ono kuchoka pa dzina, kuika pasikelo, ntchito yatha.

Zinthu zinayamba kutembenuka kunja kwa mpira. Mu 1973 Don McCune anapambana mipikisano yambiri atamaviika mipira ya pulasitiki m'mankhwala ofewetsa khungu lake, ndipo malamulo a kulimba kwa mpira anatsatira. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera khungu la urethane, ndipo cha mu 1991 mpira wa X-Calibur unatchukitsa khungu lomwa mafuta lotchedwa reactive resin. Khungu likamagwira pansi mwamphamvu, zimene zili mkati zimayamba kuoneka pamayendedwe. Opanga anayamba kuumba mtima wa mpira m'maonekedwe osiyanasiyana, wina ngati babu la magetsi, wina wonenepa mbali imodzi. Mtima wotere umachititsa mpira kusintha pozungulira pake ukuyenda, kotero kuti pakutembenuka kulikonse umaponda pansi ndi khungu louma, osati lonyowa kale ndi mafuta opakidwa panjira. Ndiye chifukwa chake mpira wamakono ukabwerera umakhala ndi mizere yambiri ya mafuta yotambasuka, pomwe wakale unkakhala ndi mkombero umodzi. Kadontho kamtundu kamene kali pakhungu, kotchedwa pin, kamasonyeza pamene pali mutu wa mtimawo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mtima sudziwa pamene pali mabowo, umangomvera mmene mpira ukuzungulira pochoka m'dzanja, ndipo aliyense ali ndi kaponyedwe kake. Malo amene mpira umazungulirapo pochoka m'dzanja amawatcha PAP. Mmisiri wosamala amauza wosewera kuti aponye, mpira ukabwerera amatsata ndi pensulo yamafuta mzere woyamba wapafupi ndi mabowo, n'kupeza malo otalikirana mofanana ndi mkombero wonsewo. Pamenepo amamatapo kapepala koyera, wosewera aponyanso, ndipo ngati kapepalako kakuoneka kataima malo amodzi mpira utangogwa pansi, ndiye kuti PAP yapezeka. Miyezo yonse imayambira pamenepo. Mo Pinel, wopanga mitima ya mipira amene anamwalira mu 2021, anafalitsa njira ya Dual Angle yolemba kabooledwe ndi manambala atatu, monga 60 x 4 x 35: ngodya yoyamba, mainchesi ochoka pa pin kufika pa PAP, ndi ngodya yachiwiri. Kampani ya Storm ili ndi njira yake yogwiritsa mitunda itatu m'malo mwa ngodya. Kukopera kwenikweni tsono ndi kuyeza chobwerera pampira wakale mpaka manambalawo atuluke, kenako kuwajambula pa watsopano, mabowo n'kubwera pomaliza.

Wina anganene kuti ngati wosewera ndi yemweyo, PAP yake ndi yomweyo, choncho kuika pin pamalo omwewo poyang'ana mabowo n'kokwanira. Zoona zilipo, makamaka mipira yonse iwiri ikakhala ya mtima wofanana mbali zonse. Koma mpira wa mtima wonenepa mbali imodzi uli ndi chizindikiro chachiwiri, mainchesi pafupifupi 6¾ kuchoka pa pin, ndipo pamene chagwera pamasintha msanga kapena kuchedwa kwa mpira kukhota. Mpira wakale ukakhala wopanda chizindikirocho, maso alibe pokopera. Komanso kaponyedwe ka munthu kamasintha ndi zaka, ndipo PAP yoyezedwa kale ikhoza kukhala itasuntha. Za kukopera kabooledwe ka katswiri wa pa wailesi yakanema, monga Jason Belmonte wa ku Australia amene amaponya ndi manja awiri osalowetsa chala chachikulu, kumeneko chithunzi chimasocheretsa kotheratu, poti kaponyedwe kake ndi kosiyana.

Chitsutso cholemerako ndi chakuti zonsezi ndi kudzivutitsa, poti kafukufuku wa United States Bowling Congress wofalitsidwa mu 2008 anapeza kuti khungu ndi kukhakhala kwake ndizo zimalamulira kwambiri mayendedwe a mpira. Ndikuvomereza, ndipo ndi chifukwa chake ngakhale manambala atakopedwa bwino, mpira watsopano suyenda ndendende ngati wakale umene wamwa mafuta a masewera mazana. Koma khungu amalipala ndi kulisalaza tsiku lililonse, pomwe bowo loboola molakwa limafuna kutsekedwa ndi kuboolanso. Chimene chili chovuta kukonza ndicho chofunika kuyeza bwino poyamba. Malamulo nawo anadula njira yokopera ndi maso. Kale amisiri ankaonjezera bowo lambali losalowa chala, lowongolera kulemera ndi kusintha khalidwe la mtima. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2020 bungwe la United States Bowling Congress linaletsa bowo lotere m'mipikisano yake, motero mpira wakale umene uli nalo sungakopedwe mmene uliri, ndipo mmisiri ayenera kufunafuna manambala ena opereka mayendedwe oyandikira popanda bowolo.