Omvera Monga Osankha ndi Osunga Nyimbo m'Zambia: Kucokera pa Wailesi Kufika pa Kaseti

1. Mau Oyamba

Mbiri ya nyimbo za m'Zambia kawirikawiri imalembedwa monga mndandanda wa oimba ndi magulu ao, ndipo womvera amaoneka ngati munthu wongolandira. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti omvera, mwa kusankha nyimbo, kuzisanja, kubwerekana ndi kutsutsana pa za oimba, anagwira nchito imene inakhudza kasungidwe ka nyimbozo ndiponso kakumanidwe ka zilankhulo m'mizinda yathu. Tiunika nyengo zitatu: ya wailesi, ya mbale ndi ya kaseti.

2. Wailesi ndi makalata a omvera

Boma la atsamunda linayamba kuulutsa mau ku Lusaka mu 1941, makamaka pofuna kufalitsa nkhani za nkhondo. Koma wailesi inafika m'nyumba za anthu wamba kuyambira mu 1949, pamene kampani ya Ever Ready inatulutsa kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, kamene kanali kugulidwa mapaundi 5. Nyumba ya Central African Broadcasting Station inali kumveka ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi ku Nyasaland.

Pologalamu yokondedwa kwambiri inali ya dzina la Cinyanja, Zimene Mwatifunsa. Womvera anali kulemba kalata, kuchula nyimbo imene afuna ndi kupereka moni kwa abale. Mwamuna wogwira nchito ku migodi anali kutha kulankhula ndi a kwao kudzera m'nyimbo imene wasankha. Apa tiona ciyambi ca mwambo umene tikuufufuza: nyimbo yoimbidwa ndi wina imasanduka uthenga wa munthu amene waisankha. Alick Nkhata, muulutsi ndi woimba amene anaphedwa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi, anali mmodzi wa amene anakulitsa ubale umenewu pakati pa nyumba ya wailesi ndi omvera.

3. Nyengo ya mbale

Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Oimba anapeza msika. Nyimbo zinali kujambulidwa ku dB Studios mu Lusaka ndi ku Malachite Studios ku Chingola. Kampani ya Teal ku Ndola inali kudinda mbale, ndipo Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo inali kuzifalitsa. Mu 1975 munatuluka Lazy Bones!! ya gulu la WITCH ndi Africa ya Amanaz, ndipo mu 1976 Paul Ngozi anatulutsa Day of Judgement. Awa ndi maimbidwe amene amachedwa Zamrock.

Mbale inali ndi malire ake. Womvera anali kutha kuigula kapena kuibwereka, koma sanali kutha kusintha dongosolo la nyimbo zake. Mtengo wa mkuwa utatsika mu 1975, cuma ca dziko cinayamba kufooka, ndipo mbale inasanduka cinthu ca anthu ocepa.

4. Kaseti ndi mphamvu ya womvera

Kaseti, imene kampani ya Philips inaitulutsa mu 1963, inafala m'makomboni athu m'zaka za m'ma 1980. Kusiyana kwake ndi mbale kunali kwakuti aliyense wokhala ndi wailesi ya kaseti anali kutha kujambula. Kaseti ya C60 inali kutenga mphindi 30 mbali iliyonse, ya C90 mphindi 45. Wojambula anali kudikira nyimbo pa wailesi cala cili pa batani, kapena kukopera kwa mnzake pa makina a malo awiri. Anayenera kuganiza nyimbo yotsegulira, yotsatira, ndi yaifupi yokwana pa tepi yotsala, kenaka n'kulemba maina pa cikuto ndi dzanja. Kaseti yotere inali kupita kwa bwenzi, kwa mbale wa kumudzi kapena kwa woyendetsa minibasi, ndipo kulikonse kumene yafika inali kuutsa mkangano: ndani aposa mnzake pa gitala, ndani waba nyimbo ya mwambo, woimba akunyoza yani.

Nyengoyi inali ya kalindula, maimbidwe ocokera ku Luapula amene anatenga dzina la coimbira ca mau aakulu. Magulu monga Amayenge, Shalawambe, Masasu ndi Serenje Kalindula anali pakamwa pa anthu, pamodzi ndi P.K. Chishala, amene nyimbo yake Common Man inadandaula za umphawi wa wanchito wamba. Komabe kaseti ya m'nyumba sinali kutsata lamulo la boma. Pambali pa kalindula panali kukhala rumba ya Franco, nyimbo za Yvonne Chaka Chaka ndi Lucky Dube, ngakhale za Don Williams.

Mfundo imene tifuna aphunzitsi a zilankhulo aione ndi iyi. Wailesi ya boma inagawa nthawi pakati pa zilankhulo zisanu ndi ziwiri: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale, ciliconse pa maola ake. Kaseti inagumula mpanda umenewo. Pa mbali imodzi ya mphindi 45 panali kutsatana Cibemba, Cinyanja, Cilingala, Cizulu ndi Cingerezi. Mnyamata wa ku Chipata anali kuloweza nyimbo ya Cibemba asanadziwe tanthauzo lake, ndipo pofunsa anzake anali kuphunzira cilankhulo popanda kalasi. Timakhulupirira kuti wofufuza Cinyanja ca mu Lusaka, cimene cimabwereka mau momasuka, sangacimvetse bwino akanyalanyaza sukulu imeneyi.

5. Phindu ndi citayiko

Ufulu wa womvera unali ndi mtengo, ndipo woulipira anali woimba. Makaseti okopedwa mwakuba anadzaza misika monga Soweto mu Lusaka ndi Chisokone ku Kitwe, makampani a mbale anagwa, ndipo lamulo la Copyright and Performance Rights Act linadza mu 1994 zinthu zitaonongeka kale. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo oimba ambiri a mbadwo wake anatha m'zaka za mliri wa Edzi. Emmanuel "Jagari" Chanda wa WITCH anasiya kuimba nakakumba miyala ya mtengo wapatali.

Koma cidwi ca omvera ndico cinadzutsanso nyimbozi. Osonkhanitsa mbale zakale a kunja atazikonda, kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012, ndipo mu 2017 inatulutsa Welcome to Zamrock!, magawo awiri a nyimbo zosankhidwa za magulu osiyanasiyana. WITCH inabwerera pa nsanja nitulutsa Zango mu 2023. Tiyenera kuzindikira kuti kusankha kumeneku kunacitika motsata khutu la mlendo, limene linakonda Zamrock koposa kalindula.

6. Mau Otsiriza

Lero kaseti inalowedwa m'malo ndi foni, ndipo tepi imaonongeka ikakhalitsa. Makaseti amene akali m'masutikesi a makolo athu ndiwo umboni wa zimene Azambia eni anasankha kumva, m'dongosolo limene anafuna. Tipempha madipatimenti a zilankhulo kuti awasonkhanitse pamodzi ndi zikuto zao zolembedwa pamanja, awakopere pa kompyuta, ndi kujambula eni ake akufotokoza cifukwa cimene anaikira nyimbo iyi patsogolo pa inzake. Tikazengereza, mbiri ya nyimbo zathu idzalembedwa kucokera pa zosankha za ena.