Mpunga wa ku Domasi ndi Kumvera kwa Confucius

Munthu wochoka ku Zomba kuloŵera ku Liwonde amadzera pa Naisi, m'dziko la Mfumu Malemia, asanawoloke mtsinje wa Domasi. Akatsata mtsinjewo kutsikira ku nyanja ya Chilwa adzafika pa minda ya mpunga ya mahekitala pafupifupi 500, imene alangizi a ku Taiwan anathandiza kukonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anthu ankangowatchula kuti Matchaina. Oŵerengeka okha ndiwo ankadziŵa kuti maboma a China analipo aŵiri, ndi kuti pa zaka zomwezo aŵiriwo ankalimbirana nkhalamba imene inamwalira zaka 479 Ambuye Yezu asanabadwe.

Nkhalambayo ndi Confucius. M'chaka cha 1966 Mao Zedong anayambitsa nkhondo yolimbana ndi miyambo yakale, ndipo achinyamata anaphwanya manda a mphunzitsiyo ku Qufu. Chaka chomwecho Chiang Kai-shek, ali pa chilumba cha Taiwan, analamula kuti chiphunzitso cha Confucius chitsitsimutsidwe m'masukulu: ana alemekeze makolo, nzika zikhulupirike kwa wolamulira. Ndi m'chaka chomwechonso m'mene Malaŵi anamanga ubale ndi Taiwan. Nkhani ya China inali itagaŵanitsa kale nduna zathu mu 1964, pamene Peking inalonjeza ngongole ya mapaundi 18 miliyoni, Kanyama Chiume ndi anzake nafuna kuti ilandiridwe, Dr Banda nakana.

Sitikunena kuti Dr Banda anatapa kwa Confucius ngodya zake zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Komabe Chiang akadazimva sakadaziyesa zachilendo. Atsogoleri aŵiriŵa ankaona dziko ngati banja lalikulu, mwini mbumba ali pamwamba, ana ali chete pansi.

Apa ndi pamene tiyenera kuima pang'ono, pakuti mabuku akalewo amanena zambiri kuposa zimene Chiang anatolamo. Confucius anaphunzitsadi kumvera, koma anaphunzitsanso kuti mwana woona bambo ake akulakwa awadzudzule mofatsa, ndipo nduna isanamize mfumu yake ngakhale zitafika potsutsana nayo maso ndi maso. Mencius, amene anadza patapita zaka zoposa zana limodzi, ndiye anapitirira. Kwa iye anthu wamba ndiwo oyamba, mfumu ndiyo yotsiriza. Mlimi wopanda chakudya chokwanira sangafunsidwe za makhalidwe abwino. Ndipo wolamulira wankhanza wadzivula yekha dzina la ufumu. Mfumu yoyamba ya banja la Ming inaipidwa ndi mau otere, mpaka inalamula kuti achotsedwe m'buku limene ophunzira ankaŵerenga.

Tikayesa mbiri ya chigwa chathu ndi muyeso wa Mencius, mbali imodzi ikwanira, ina ipereŵera. Ngalande zinakumbidwa, madzi anafika m'minda, mabanja anakolola mpunga. Ife amene ntchito yathu ndi kulalika tisapeputse zimenezi, poti wanjala samva ulaliki. Koma m'boma la Zomba munalinso ndende ya Mikuyu, kumene anthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ena chifukwa cha liwu limodzi lokha. Nduna zimene zinayesa kudzudzula mu 1964 zinathera kunja kwa dziko.

Nanga Eklezia? Tivomere kuti kwa zaka zambiri kumvera tinkakuphunzitsa bwino kuposa kudzudzula, m'maparishi ngakhalenso m'maseminale mwathu. Mpaka pa 8 March 1992 ndi pamene kalata ya Aepiskopi athu ya nyengo ya Lenti inaŵerengedwa m'matchalitchi onse, kutchula poyera za umphaŵi, za kutsekera anthu popanda mlandu, ndi za mantha oletsa munthu kulankhula. Aepiskopiwo anayankhula mwaulemu, monga ana a m'nyumba, osati monga adani. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo Monsinyo John Roche anapirikitsidwa m'dziko muno.

Ubale ndi Taiwan unatha kumapeto kwa 2007, ndipo mu January 2008 boma la Bingu wa Mutharika linalengeza kuti latembenukira ku Beijing. Pa nthaŵiyo chipani chomwe chija chimene chinalola kuti manda a ku Qufu aphwanyidwe chinali chitayamba kale, kuyambira 2004, kutsegula m'maiko ambiri sukulu zophunzitsa Chitchaina zotchedwa ndi dzina la Confucius.